Belu la Achimwene a Tionakomweko

Kwawo ankamutcha Tionakomweko, ndipo dzinali analipeza yekha ndi pakamwa pake. Ukamufunsa kuti mawa avala chiyani, ankati tiona komweko. Ukamufunsa kuti akadzakula adzakhala ndani, yankho linali lomwelo. Bambo ake zimenezi zinkawanyansa kwabasi, chifukwa iwo anali munthu wokonzeratu chilichonse. Anali kalipentala, ndipo ankadula matabwa asanakaone n'komwe chipinda chimene katunduyo akakhale. Ulendo wina anakhoma kabati yokongola imene inakana kulowa pakhomo pa mwini wake, iwo n'kunena osaphethira kuti cholakwika ndi khomolo. Ana awo nawo anawadula chimodzimodzi. Uyu adzakhala namwino, uyu adzatenga macheka anga, ndipo uyu, apa ankaloza mwana wawo woyamba, ndi wokhala pakhomo basi.

Woyambayo anali mnyamata, mlongo wake wa Tionakomweko, ndipo anabadwa wosamva. Mutu wake unali wakuthwa, manja ake ankakonza chilichonse kuyambira loko mpaka njinga, koma bambo anali atagamula kale, ndipo mlandu wogamulidwa sankauzenganso. Tionakomweko, akali kamtsikana, ndiye anasanduka makutu a achimwene akewo. Amayi akaitana, galimoto ikamabwera kumbuyo, galu wa pafupi akadula unyolo, iko kankathamanga n'kuwakoka mkono wa malaya. Malaya awo onse anali otanuka mbali imodzi. Atapita kusukulu ya chinenero chamanja, achimwenewo anampatsa mlongo wawo dzina la manja: ankatsina mkono wa malaya awo n'kuukoka pang'ono. Dzina limenelo sanalisinthe ngakhale atakula.

Achimwene aja pakhomo sanakhalepo. Anapeza ntchito kufakitale yoluka mabulangete, kumene makina amasokosa mwakuti aliyense amakhala wosamva kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Kumeneko iwo ndiwo anali mphunzitsi, chifukwa anzawo onse anaphunzira kwa iwo kukambirana ndi manja, kupempha sipanala ndi manja, ngakhale kujeda kapitawo ndi manja. Bambo anamwalira akunenabe kuti ntchitoyo sikhalitsa.

Tionakomweko nayenso unamwino sanaulawe. Anakonda makompyuta, naphunzira kulemba mapulogalamu, ndipo anayamba ntchito pa kakampani kopanga zipangizo zochenjeza anthu za moto. Ofesi yawo inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Munkanunkha mphira chaka chonse, mawaya anali mbwee pansi, ndipo ketulo ikamawira fani inkayenera kuzimitsidwa kaye, apo ayi magetsi onse ankathima. Desiki yoyandikana ndi yake inali ya bambo wina wofatsa wotchedwa Chindevu, amene ankaganiza ndi dzanja limodzi lili m'ndevu, ndipo anthu ankati mapensulo onse osowa muofesimo ali mmenemo.

Tsiku lina kunabwera ntchito yochokera kufakitale ya mabulangete ija. Ubweya suchedwa kuyaka, ndipo belu lalikulu la pakhoma silinkamveka makina akamalira. Anagwirizana kuti wantchito aliyense azivala kachipangizo kakang'ono pakolala, koti moto ukabuka kazilira pafupi ndi khutu lake. Tionakomweko anailanda ntchitoyo anzake asanatsegule pakamwa. Kwa achimwene ake anakonza chapadera, chibangili cha padzanja chimene chinkatha kulira ngati tina tija komanso kunjenjemera. Mumtima ankati tsopano awapatsa makutu oti sadzawasiya, chifukwa iye sakanatha kuima pambali pawo moyo wonse.

Apa tiyenera kulowa pang'ono m'ntchito yake, ndipo musaope, si ufiti. M'mapulogalamu a mtundu umene iye ankalemba, zinthu zimakhala ndi makolo ndi ana. Analemba kholo lotchedwa Wantchito, nalipatsa lamulo limodzi lotchedwa chenjeza, kutanthauza kuti liza kachipangizo ka munthuyo. Kenako analemba mwana wa kholo limenelo, Wantchito Wosamva, wotengera zonse kwa kholo lake koma wokhala ndi chenjeza wakewake, kutanthauza kuti njenjemeretsa chibangili. Dzina la lamulo ndi limodzi, ntchito ndi ziwiri. Ndiye funso limabwera: pulogalamu ikanena kuti chenjeza, dzinalo limangidwe ku ntchito iti, ndipo limangidwe liti?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumangiratu. Pamene pulogalamu ikusandutsidwa chilankhulo cha makina, isanayambe n'komwe kugwira ntchito, mfundo imamangidwiratu poyang'ana dzina limene chinthucho chaitanidwa nalo pamzere umenewo. Yachiwiri ndi kumanga mochedwa. Mfundo imasiyidwa yosamanga, ndipo pulogalamu ikafika pamalopo ntchito ili mkati, imayang'ana kaye kuti chimene chili patsogolo pake n'chiyani kwenikweni, kenako n'kusankha.

"Achemwali, apa bwanji tisiye posamanga?" anatero Chindevu akuloza pa sikirini ndi supuni ya tiyi.

"Ayi, a Chindevu. Kabokosi kamene tikaike kufakitale kaja n'kofooka. Mukufuna kazifunsa munthu aliyense kuti ndiwe yani, moto uli lawilawi?"

"Kufunsako sikutenga nthawi kwenikweni."

"Moto sudikira. Timangiretu zonse, tidziwe kuti zatha."

Chindevu anaseka. "Ndiye inu amene amati Tionakomweko ndinu? Anakunamizani dzina."

Zoona zake, mayiyu sankalakwitsa zonse. Kumangiratu n'kwachangu, ndipo chomangidwiratu sichikudzidzimutsa. Koma nkhani ikakhudza achimwene ake, mantha ankamusandutsa mwana wa bambo ake weniweni, wofuna kudula matabwa onse lero lomwe. Anayesa ntchito yake bwinobwino. Analemba kamzere koitana Wantchito Wosamva ndi dzina lake lenileni, nati chenjeza, ndipo chibangili chinanjenjemera pa desiki, chinavina mpaka kukagwera m'kapu ya Chindevu. Ofesi yonse inafa nazo nseko. Iye anachipukuta, nachikulunga m'kansalu, mtima uli mbee.

Zipangizo zitaikidwa, anakonza tsiku loyeserera. Unali mmawa wadzuwa, ndipo Tionakomweko anaima pabwalo la fakitale pafupi ndi kapitawo, atavala jekete yake yabwino. Kapitawo anadina batani. Posakhalitsa zitseko zinatseguka, antchito n'kuyamba kutuluka tizipangizo tikulira m'makolala, ena akuseka, ena akukutumula ubweya m'tsitsi. Kapitawo anamwetulira, nayamba kuwaitana mmodzimmodzi. Tionakomweko sankamvera zimenezo. Maso ake ankasakasaka mutu umodzi wokha, ndipo mutuwo panalibe.

Analowa mkati akuthamanga. Holo yonse inali zii, makina atazimitsidwa, ubweya ukuyandama m'kuwala kwa m'mawindo. Kumapeto kwenikweni makina amodzi okha ndi amene ankagundabe. Achimwene ake anali atafulatira, ataweramira nsalu, akuwongola ulusi ndi chala mosamala monga mwa masiku onse. Padzanja pawo chibangili chija chinali kulira mokhulupirika, kulira kosweka nako khutu, koma osanjenjemera ngakhale pang'ono.

Anawakoka mkono wa malaya. Iwo anatembenuka, ndipo atamuona nkhope yawo inawala, poganiza kuti mlongo wawo wangobwera kudzawazonda. Kenako anayang'ana kumbuyo kwake. Anaona mipando yopanda anthu, makina oima, chitseko chili pululu. Kumwetulira kuja kunazilala pang'onopang'ono.

"Onse atuluka?" anafunsa ndi manja.

"Eya, achimwene. Kunali kuyeserera chabe."

Anayang'ana chibangilicho, namuyang'ana iye. Kenako anamusisita paphewa. "Usadandaule. Ndinazolowera."

Akanamukalipira zikanakhala bwino. Mawu amenewo anamulasa kuposa chipongwe chilichonse, chifukwa anali oona. Munthuyu moyo wake wonse anthu ankamugamulira zinthu asanamuyang'ane, ndipo lero mlongo wake yemwe, ndi manja ake, anali atachita zomwezo.

Kuofesi sanavule n'komwe jekete. Iye ndi Chindevu anakhala pa sikirini imodzi n'kuitsatira pulogalamuyo mzere ndi mzere, ndipo vutolo silinabisale. Moto ukadziwika, pulogalamu inkadutsa anthu onse mmodzimmodzi, ndipo pamzere umenewo aliyense ankaitanidwa ndi dzina la kholo, Wantchito. Popeza mfundo inali yomangidwiratu, chenjeza wa pamenepo anali wa kholo basi: liza. Poyesa paja chibangili chinavina chifukwa anachiitana ndi dzina la mwana. Koma m'gulu, achimwene anali Wantchito ngati wina aliyense, ndipo makina analibe mpata wofunsa. Lamulo lawo lapadera linalipo, lolembedwa bwino, litangokhala phee ngati mlendo amene palibe wamuitana kuti alowe.

"Safunsa anadya phula," anatero Chindevu motsitsa mawu, ndipo sanawonjezere china. Ndi chifukwa chake anthu ankamukonda.

Kukonzako kunali kochepa mochititsa manyazi. Anamasula mfundo ija, nauza pulogalamu kuti chenjeza azimangidwa mochedwa. Kenako anaiyendetsa pang'onopang'ono kuti aone ndi maso ake. Inafika pa munthu woyamba, inayang'ana, inaliza. Inafika pa wachiwiri, chimodzimodzi. Itafika pa achimwene, pamzere womwewo, ndi mawu omwewo, inasuzumira mkati kuona kuti ameneyu ndi ndani, ndipo inakhota n'kulowera kumene sinapiteko chiyambire. Pa desiki chibangili china choyesera chinayamba kunjenjemera.

Tionakomweko anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini. Zimenezi anaziphunzira kalekale m'kalasi, anazilemba pamayeso n'kukhoza, koma anali asanazionepo chonchi. Anabwereza, nabwerezanso. Tiyi anazizira m'kapu. Chimene chinamugwira mtima n'chakuti mzere wolamulawo sunkadziwa chilichonse za kusamva kapena za zibangili. Unkangonena kuti chenjeza, n'kusiyira wochenjezedwayo kuti aonetse njira imene iye amamvera. Kachinthu kopanda mtima, ka waya ndi mchenga wosungunula, kankachita ulemu umene anthu ambiri amaulephera. Sanachite manyazi kunena kuti akuona ngati waona chozizwitsa.

"Nanga nthawi ija mumaopa?" anafunsa Chindevu.

Anaiyeza. Kufunsako kunkachedwetsa pulogalamu pang'ono zedi, mwakuti chikope chikanaphethira chikanapezeka chachedwa ndi ichocho. Komabe sanamasule mfundo zonse, chifukwa sanali wopusa. Zotsegula zitseko ndi zonunkhiza utsi anazisiya zomangidwiratu, poti chitseko ndi chitseko, sichisintha. Koma paliponse pamene pulogalamu inkakumana ndi munthu, anasiyapo mpata wofunsa. Pa kuyeserera kwachiwiri achimwene anatuluka limodzi ndi anzawo, atakweza dzanja m'mwamba kuti aliyense aone chibangili chikugwedezeka.

Zaka zinapita. Tionakomweko anakwatiwa, anabereka, anasiya kakampani kaja n'kukaphunzitsa pa koleji ina kutsidya kwa tauni. Ophunzira ake ankadziwa kuti pa phunziro la kumangiratu ndi kumanga mochedwa mayiyu amasintha mawu, amaiwala nthawi, ndipo amawayang'ana ngati akuwauza za kubadwa kwa mwana. Ena ankaseka chamumtima. Iye analibe nazo ntchito.

Tsiku lina lopuma anapita kukacheza kwa achimwene ake, nawapeza ali ndi nkhani yabwino. Anali atakwezedwa. Fakitale inagula makina atsopano aakulu opuntha ubweya, oikidwa m'chipinda chawochawo kumbuyo, ndipo anawapatsa iwo kuti aziwayendetsa. Anafotokoza monyadira, manja akuuluka, mmene makinawo amagwedezera pansi, mmene mano amagundirana mkamwa, mmene thupi lonse limanjenjemerera mpaka poweruka. Alamu ake, akazi a achimwenewo, anaseka n'kunena kuti bamboo amanjenjemerabe ngakhale ali m'tulo.

Tionakomweko anaseka nawo, koma pobwerera m'basi chinthu chinamulasa. Ngati thupi lonse likunjenjemera, chibangili chonjenjemera angachimve bwanji? Anati awaimbira a Chindevu. Koma sabata imeneyo kunali mayeso, mwana anadwala khutu, foni ya Chindevu inali itasintha nambala, ndipo iye anachita zimene dzina lake limanena. Kuchedwa kumene kuli nzeru m'makina, mwa munthu nthawi zina kumangokhala ulesi wovala bwino.

Foni inalira ali pakati pa kalasi, dzuwa lili pamutu. Anali alamu ake, ndipo mawu ankatuluka moduladula.

"Alamu, fakitale ikupsa! Akuti wayambira kumbuyo, kosungira ubweya. Achimwene anu sakuyankha uthenga pa foni. Ine ndili m'njira."

Kumbuyo. Anasiya choko pansi, nathamangira panja. Za ulendowo sakumbuka zambiri, koma kuti woyendetsa takisi ankayankhula za misewu yoipa ndipo iye ankafuna kumutseka pakamwa. M'maso mwake munali chithunzi chimodzi chokha, msana wa achimwene ake ataweramira ntchito, holo ili pululu, ndipo ulendo uno utsi ukukwawa kudenga. Anayamba kumva fungo asanaone fakitaleyo, fungo la tsitsi lopserera, lolowa mpaka kukhosi.

Pageti panali chipwirikiti. Ozimitsa moto ankakoka mapaipi, madzi akuda ankayenda mumsewu, ndipo denga la kumbuyo linali litagwera mkati. Antchito anali ataunjikana kutsidya kwa msewu. Iye anadutsa pakati pawo akukankha anthu, akuyang'ana nkhope iliyonse. Kenako anawaona achimwene ake. Anali atakhala pa mpanda waufupi wa njerwa, atafunda bulangete latsopano lokhala ndi pepala la sitolo, nkhope ili bii ndi mwaye, alamu atawakolowekera dzanja m'khosi akulira. Anali amoyo, athunthu, ndipo ankaoneka okwiya pang'ono kuti makina awo apsa.

Anakhala pansi pomwepo pamsewu wonyowa. Amene anamudzutsa anali bambo wa ndevu zaimvi, atanyamula kachikwama ka zida.

"A Chindevu! Zatheka bwanji? Chibangili chija sakanachimva. Ndimafuna kukuimbirani, ine ndimafuna..."

"Pumani kaye, achemwali. Kapitawo anandiuza tsiku lomwe anawasamutsa. Ndinalemba mwana wina, wa Wantchito Wosamva uja. Chenjeza wake amazimitsa makina aakuluwo n'kuyatsa getsi lofiira pamwamba pake."

"Ndiye munalembanso pulogalamu yonse?"

"Ayi ndithu. Mizere yanu ija sindinaikhudze ngakhale umodzi. Ndinangowonjezera mwanayo basi. Mzere wanu unafika pa iwo, unafunsa, unapeza watsopano, n'kumupatsa mpata."

Tionakomweko anamuyang'ana ngati sakumva chinenero chake. Zimenezi ankaziphunzitsa chaka ndi chaka, ankazijambula pa bolodi ndi mivi, koma apa zinamudabwitsa ngati zachilendo. Mzere umene anaulemba ali mtsikana, m'kaofesi konunkha mphira, makina aakuluwo asanapangidwe n'komwe, lero unaitana lamulo limene pa nthawiyo kunalibe, lolembedwa ndi dzanja lina, pa vuto limene iye sanalilote. Sanachite kulosera chilichonse. Anangovomera tsiku lina kuti sadziwa zonse za munthu amene adzaime pamenepo, nasiya mpata, ndipo mpata umenewo ndi umene achimwene ake anatulukira. Anachita mantha, mantha abwino aja amene amagwira munthu akaona chinthu chachikulu kuposa amene anachipanga.

Anapita pamene panali achimwene ake, nagwada patsogolo pawo. Anawayankhula ndi manja.

"Achimwene, ndikhululukireni. Ndinadziwa kuti chibangili simuchimva, koma ndinachedwa."

Iwo anapukusa mutu, natulutsa manja m'bulangete. Zala zinali zakuda, koma zinayankhula pang'onopang'ono kuti asaphonye kanthu.

"Ndinali pa ntchito, pansi pakugwedezeka ngati masiku onse. Mwadzidzidzi zonse zinaima. Pansi panangoti bata. Getsi ndinaliona pambuyo pake. Ukudziwa chimene ndinayamba kuchita?"

"Munathawa."

"Ayi." Anatsina mkono wa malaya awo opserera, naukoka pang'ono, dzina lija la kuubwana. "Ndinatembenuka kuti ndikuone."